Chingwe cha Che Yusufu

Amayi anzanga, mundikhululukire, ine ndiyankhula nditaima pafupi ndi chitseko pano. Mwana wanga akusewera panjapo, ndipo maso anga sakhazikika ngati sindikumuona. Ndi uyo wa deresi lachikasuyo, dzina lake Wezi. Mukaona ndikucheukacheuka musati ndikukupeputsani ayi, ndi mmene ndakhalira tsopano.

Kuyankhula pagulu sindikudziwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo panopa mtima ukugunda ngati ndachita kuthamanga kuchokera kumsika. Koma amene anandiitana anati ndinene zonse osabisa, mwina alipo wina. Ndipo alipo. Sindiloza munthu, koma polowa muja ndamva kafungo ka makoko a ndimu. Inenso ndinkatafuna makoko a ndimu, ndimvekere anthu sadziwa. Amadziwa, amayi. Amangotisiya.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndinapita ku Zomba kukalera ana a akulu anga, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi bambo ake a Wezi, a Gondwe, kalaliki wa m'boma, kwawo ku Rumphi. Pa ukwati abale awo anabwera kwathu ndi ndalama, akuti ndi ya ng'ombe, malowolo. Amalume anaseka mpaka misozi. Amvekere, anthu akumpotowa ndi aulemu bwanji, mkamwini kubwera ndi mphatso m'malo mobwera ndi khasu! Analandira ndi manja awiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti ng'ombe zimenezi zikutanthauza chiyani. Musunge pamenepo, ndibwererapo.

Kenaka boma linayamba kusamukira kuno ku likulu latsopano. Tinabwera pa lole limodzi ndi makabati a mu ofesi, ine nditakhala pa matiresi, Wezi kumsana, fumbi lofiira mpaka m'mano. Anatipatsa kanyumba katsopano konunkha simenti, mtengo panalibe, oyandikana nawo onse alendo ngati ife. Sitinathemo ndi chaka chomwe. Bambo ake a Wezi anadwala sabata imodzi, basi, anatisiya. Maliro anapita ku Rumphi. Pobwerako, nyumba ija inali ya ntchito, ndipo ntchito inapita ndi mwini wake. Kumudzi amayi anali atamwalira kale, munda anagawana ena. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa msika kuno ku Old Town, pakhomo pa Che Yusufu, mmisiri womanga nyumba, bambo wachikulire, Msilamu.

M'kachipinda kameneko ndi mmene mantha anandipezera. Ndinkaopa chilichonse. Lole ikadutsa, mantha. Mwana akatsokomola, ndimvekere uyunso akupita. Munthu akagogoda, mantha omwewo. Ndinkadzuka m'mawa n'kuona moyo wonse uli patsogolo panga nthawi imodzi, chakudya, sukulu ya mwana, ukalamba wanga, maliro anga, ndani adzandiika, zonse pakamodzi, ndiye mpweya unkandithera ndisanayatse ndi moto womwe.

Mayi wina wotcheza kachasu kunjira ya kudambo, Nachisale, anandiona nkhope. Amvekere, "Mwana wanga, kamodzi kokha, mtima ukhale pansi." Ndipo unakhaladi pansi. Sindikunamizani, unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna anga. Mawa lake ndinapitanso. Sabata yotsatira ndinkapita dzuwa lisanakwere. Ndinagulitsa nsapato za malemu. Ndinagulitsa simbi, wailesi, mipando iwiri. Nyengo yozizira itangotha ndinagulitsa bulangete la mwana, ndimvekere kwatentha, alifuniranji. Bulangete la mwana, amayi anzanga. Ndanena kuti sindibisa.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu, ndinali nditagona kale pamphasa, chitseko chili chotsegula, poti chinalibe ndi chokowera chomwe. Wezi anali ndi zaka zitatu. Anatuluka. Anadutsa msika wonse yekhayekha, atavala kamalaya kokha. Amayi ogulitsa tomato ndi amene anamugwira pafupi ndi mlatho, pamene pamadutsa malole a mchenga, phazi limodzi lili kale mumsewu. Anayenda naye msika wonse akufuula, "Mwana wa yani uyu?" Ine tulo. Bambo wina amene ankagwira ntchito ndi malemu anamuzindikira, uthenga n'kufika ku Area 10.

Ku Area 10 kumakhala alamu anga, a Nyagondwe, mlongo wawo wa malemu. Ndi anamwino, amuna awo ndi akuluakulu m'boma. Anandidzutsa ndi madzi ozizira kumaso. Nditatsegula maso ndinaona nsapato zoyera, deresi loyera, Wezi ali m'manja mwawo, ndipo pakhomo anthu ali thithithi kuonerera.

Anati, "Alamu, dzukani mumuone mwanayu. Ndikupita naye."

Ndinayesa kuimirira, khoma linandithawa. Ndinakuwa kuti, "Mwana ndi wanga! Kwathu mwana ndi wa mayi. Amalume akamva zimenezi muona!"

Iwo sanakweze mawu. Alamu anga sakweza mawu, ndipo ndi chimene chimaopsa. Anati, "Kwanu. Nanga ng'ombe zathu munalandira za chiyani? Mwana uyu ndi wa kwa Gondwe chibadwire. Tinakusiyirani chifukwa cha chisoni chabe."

Galimoto inanyamuka.

Ndinalembera amalume kalata kuti abwere msanga adzatenge mbumba yawo. Yankho linabwera pa kapepala ka m'kope. Akuti ndalama ija anagulira malata, malata ali padenga, iwo sangathe kuima pamaso pa anthu amene aja. Pomaliza analemba kuti ndipemphere. Apo ndi pamene ndinamva tanthauzo la ng'ombe zija, patapita zaka zinayi chidyereni.

Mukuganiza kuti ndinasiya kumwa? Ndinawonjeza. Ndipo tsiku lina kachasu anandipatsa mphamvu zabodza, ndinanyamuka wapansi kupita ku Area 10. Amene simunayendeko, mzinda watsopanowu sanamangire anthu a miyendo. Umayenda, umayenda, tchire, msewu waukulu wopanda mthunzi, malole, tchire linanso. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Mpanda wautali, geti lachitsulo, mlonda ndi chibonga chake. Ndinagwedeza geti lija, ndinatukwana mawu amene sindingabwereze muno.

Wezi anatuluka pakhonde. Atavala nsapato. Tsitsi lopesa bwino. Ndinagwada, ndinalowetsa manja m'mipata ya geti, ndimvekere, bwera mwana wanga, bwera kwa amayi. Anabwera pang'onopang'ono. Anafika pafupi, pafupi ndithu, kenaka anaima. Anagwira mphuno. Anatembenukira kwa azakhali ake n'kunena kuti, "Amayi akununkha." Anathamanga kukabisala kuseri kwa deresi lawo.

Alamu anati, "Mwamva nokha. Loweruka loti Khirisimasi yayandikira galimoto ikupita ku Rumphi. Wezi akukwera. Akakulira kwa agogo ake."

Dikirani ndimuone kaye. Eya, alipo.

Pobwerera sindinkaona njira. Mowa unali utatha m'mutu, kutsala mawu a mwana aja okha. Ndinafika ku City Centre pamene akumanga maofesi. Ndinakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Inali nthawi yopuma masana, amisiri atakhala m'mithunzi ya makoma awo. Wina anabwera n'kuima patsogolo panga. Ndinaona mapazi oyera ndi simenti, ndinakweza maso, anali Che Yusufu, eni nyumba anga. Ndinali ndisakudziwa n'komwe kuti amagwira pamenepo.

Anati, "Amake Wezi, njerwa zimenezo tinanyowetsa kale m'mawa."

Ndinawafotokozera zonse. Kenaka ndinayamba kulumbira. Ndimvekere, kuyambira lero mowa sindidzaukhudzanso mpaka imfa, ndipeza ntchito yabwino, ndimanga nyumba yanga, ndibwerera kusukulu, mwana wanga adzakhala dokotala, anthu onsewa adzachita manyazi.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anati, "Lumbiro limenelo ndalimva kanayi. Khoma la chipinda chanu ndinamanga ndine, ndi lopyapyala."

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Anati, "Taimirirani, ndikuonetseni kanthu." Ananditengera pa khoma limene ankamanga. Linali lofika m'chiuno. Pamwamba pake panali chingwe chopyapyala, chokokedwa nganganga kuchokera pangodya iyi kukafika pangodya iyo.

"Nyumba imeneyi idzatalika bwanji?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa.

"Inenso sindikudziwa bwinobwino. Pepala lili ndi mabwana. Akuti ya nsanjika, anthu azidzakwera pamwamba mpaka kuona ku Dowa. Nditati ndiziganiza zimenezo m'mawa uliwonse, ndi msana wangawu, bwenzi nditathawa kalekale. Ine ndimakoka chingwe. Ndimayala njerwa mpaka zifike pachingwe, osapitirira, osaperewera. Zikafika, ndimakweza chingwe mzere umodzi. Inu mukufuna kuyala denga pamene pansi pali dzenje. Galimoto ikunyamuka liti?"

Ndinawerenga pa zala. Panali masabata asanu.

"Ndiye mulibe moyo wonse woti mukonze. Muli ndi masabata asanu. Za udokotala zisiyeni kaye. Mawa mukufuna chiyani? Sindikunena chaka chamawa. Mawa."

"Kumuona mwana."

"Nthawi yanji?"

Sindinaganizepo kuti chinthu chimene munthu ukufuna chimakhala ndi nthawi yake. Ndinati alamu amaweruka cha m'ma folo koloko.

"Folo koloko, pageti, m'kamwa muli bwino. Chingwe chanu ndi chimenecho. Tsopano kuyambira m'mawa mpaka folo manja anu agwira chiyani? Chifukwa mukawasiya okha akudziwa njira ya kwa Nachisale."

Anapita kwa kapitawo, anayankhulana, kapitawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kugwedeza mutu, Che Yusufu anayankhulanso. Mapeto ake anandilemba ganyu yotunga madzi a simenti pamodzi ndi amayi ena. Kenaka Che Yusufu anadula chingwe chakale chotalika ngati mkono, anamanga mfundo zisanu, n'kundipatsa.

Anati, "Mfundo iliyonse ndi Loweruka. Pakati pa mfundo ndi mfundo muikepo ntchito imodzi. Imodzi. Ndipo za mawa muzikonza lero, dzuwa lisanalowe, mutu ukadali wanu. Osadikira m'mawa, m'mawa mantha amayamba ndi iwo kudzuka."

Chingwecho ndinakhomera pakhoma m'chipinda. Pansi pake ndinalemba ndi khala: kudzuka, kusamba, ntchito, geti folo koloko. Zokhazo.

Sabata yoyamba ntchito yake inali imodzi, kufika pageti tsiku lililonse. Musaone ngati zinali zophweka. Thupi linkafuna zake. Manja ankanjenjemera, ndowa pamutu inkagwedera, madzi theka ankathera pa ine. Amayi anzanga a pantchito ankaseka, amvekere, "Mayi, mwabwera kudzatunga kapena kudzasamba?" Cha m'ma teni koloko pakhosi pankayaka, ndinkamva fungo la kachasu ngakhale mu simenti. Ndikatero ndinkayang'ana chingwe cha Che Yusufu pakhoma lawo n'kudziuza kuti, ndowa iyi yokha. Ndikathira, ndowa iyi yokha. Ndipo City Centre ili pakati pa njira, ndiye ndikaweruka ku Area 10 kunali kufupi, miyendo inkangopitirira.

Tsiku loyamba mlonda atandiona anagwira chibonga. Alamu anatuluka asanavule ndi yunifolomu yomwe.

"Mwabwera kudzatukwananso?"

"Ayi alamu. Ndabwera kudzamuona chabe. Ngakhale patali."

Anati, "Tayandikirani. Pumani."

Ndinawapumira kumaso kudzera m'mipata ya geti, mlonda akuonerera, wantchito wa m'nyumba akusuzumira pawindo. Anandinunkhiza ngati ndiwo zogona. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Koma ndinaima.

Anati, "Lowani." Kenaka, akuyang'ana kumbali, "Mwanayu sakudya. Phala lathu akulavula. Tamuikira shuga, mkaka, majarini, akukana."

Ndinati, "Shuga samufuna. Nsinjiro ndi kamchere. Ndipo supuni yoyamba muzidya inuyo iye akuona, apo ayi satsegula pakamwa."

Anandipatsa mpando pakhonde la kukhitchini. Wezi anandiyang'ana ali patali, anayandikira cham'mbali ngati nkhuku yoopa msampha. Ndinadya supuni yoyamba. Anatsegula pakamwa. Anamaliza mbale yonse. Ine misozi ikugwera m'phala momwemo.

Alamu anati, "Muzibwera muzimudyetsa. Kupatula Lamulungu, timakhala kutchalitchi ndi alendo. Koma izi sizikusintha za ulendo, mumve bwino."

Ndinamva. Koma Loweruka ndinamasula mfundo yoyamba.

Sabata yachiwiri ntchito inali chitseko. Chitseko chomwe chija chimene mwana anatulukira. Lolemba ndinafunsa mtengo wa chokowera kwa ogulitsa zitsulo mumsika, Lachitatu ndinagula, Lachinayi ndinabwereka hamala, ndinakhoma ndekha pamwamba pamene mwana sangafikire, chala ichi mpaka lero chikhadabo chake n'chopindika. Sabata yachitatu inali ya pansi, kukwirira maenje a makoswe ndi kuzira. Geti tsiku lililonse, pumani, lowani. Ndinasiyanso njira ya kudambo, ndinkazungulira kumzikiti ngakhale ndi kotalika, chifukwa ndinaona kuti mapazi anga akafika pa mtengo wa mango wa kwa Nachisale amayamba okha kuchedwa.

Tsopano mumve pamene ndinagwera, chifukwa ndinagwanso.

Lamulungu ndinalibe chingwe. Kuntchito kotseka, kugeti koletsedwa. Masabata awiri oyamba ndinkangogona tsiku lonse ndi kutopa, ndiye sindinaone vuto. Loweruka lachitatu madzulo ndinagwira khala lija, ndimvekere, mawa n'kupuma, ndilembenji? Ndinasiya khoma lopanda kanthu. Ndipo ndinali nditayamba kudzimva, ndimvekere ndachira ine. M'mawa ndinadzuka, ndinasesa, ndinakhala pakhomo. Naini koloko. Teni koloko. Tsiku lili yandayanda ngati dambo, mantha aja anabwera onse pamodzi, mfundo zatsala ziwiri, galimoto ipita ndithu, ukuvutikiranji. Sindikumbuka kuti ndinaganiza zopita. Ndinangozindikira ndakhala pa benchi ya Nachisale, iye amvekere, "Tinakusowatu, mwana wanga."

Lolemba ndinadzuka ndi matsire, fungo likutuluka ndi m'thukuta momwe. Kuntchito Che Yusufu anangondiyang'ana kamodzi.

Ndinati, "Zatha, bambo. Ndagwetsa zonse."

Anati, "Zonse ziti? Chokowera chazuka? Pansi pakumbika? Ine mzere ukapindika sindigwetsa nyumba. Ndimachotsa mzerewo matope asanaume, n'kuona kuti chingwe chinalekerera pati. Chinalekerera pati?"

"Lamulungu."

"Ndiye mwadziwa. Folo koloko mupita?"

"Andinunkhiza."

"Akununkhizani, inde."

Ndinagula ndimu panjira. Ndinasenda, makoko ali m'manja. Ndinafika pa mtengo wina moyang'anana ndi geti, ndinaima pamenepo, kuyang'ana makoko, kuyang'ana geti. Ndinaona katani ya pawindo ikugwedera. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kenaka ndinataya makoko aja mu ngalande n'kuwoloka msewu.

Alamu atatuluka sindinadikire kuti anene. Ndinati, "Musavutike kundinunkhiza. Ndinamwa dzulo. Lero sindilowa, mwana asandimve fungo. Ufa wa phala ndi uwu, nsinjiro ndasakaniza kale."

Analandira kaphukusi kaja. Anati, "Ndimakuonani pamtengo paja. Ndinaonanso zimene munataya. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala, alamu. Za ndimu ndimazidziwa. Mukanatafuna, geti ili silikanatsegukanso." Anatembenuka, anayenda pang'ono, n'kunena osacheuka, "Mawa folo koloko."

Kuyambira pamenepo Lamulungu ndi limene ndinkayamba kulemba, ndipo ndinkalidzaza mpaka pakamwa. Kuchapa, kutchalitchi, kuthandiza akazi a Che Yusufu kusankha mpunga, kusoka, kutunga madzi a mawa. Mpata wa ola limodzi ndinkauopa kuposa njoka.

Sabata yachinayi inali ya bulangete. Ndinapita kwa mayi amene ndinamugulitsa uja, anati anapatsa kale mwana wake, amvekere, "Mukufuna mukagulitsenso?" Ndinagula lina la kaunjika mumsika, ndinalichapa kawiri, ndinasoka m'mbali. Sabata yachisanu ntchito yake inali yoopsa kuposa zonse, kupempha alamu kuti abwere adzaone chipinda. Ndinalemba pakhoma Lolemba, ndinalephera kunena. Ndinalembanso Lachiwiri, ndinalephera. Lachitatu ndinangotseka maso pageti pomwepo n'kunena mothamanga ngati mwana wolakatula pasukulu.

Anabwera Lachinayi. Galimoto inaima pomwe inaima tsiku lija, anthu omwe aja anatuluka kudzaonerera. Analowa. Anakoka chokowera, anachikokanso mwamphamvu. Anaponda pansi ndi chidendene. Anatambasula bulangete n'kulinunkhiza. Anasuzumira kuseri kwa ndowa, m'mapoto, pansi pa mphasa, ndikudziwa chimene ankafuna, sanachipeze. Kenaka anaima pakhoma lija, lakuda ndi makala, lofufutafufuta, chingwe chili ndi mfundo imodzi. Anawerenga nthawi yaitali. Anafunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Ndinati ndi chingwe cha amisiri. Anatuluka, anapereka moni kwa akazi a Che Yusufu, anakwera galimoto.

Osanena kanthu, amayi anzanga! Lachisanu lonse ndinatunga madzi osadziwa chimene aganiza. Madzulo ndinagwira khala, ndinalemba za Loweruka: kupereka ufa wa phala, kutsanzikana ndi mwana, osalira iye akuona. Pansi pake ndinawonjeza: kubwerera njira ya kumzikiti. Chifukwa ndinadziwa kuti galimoto ikapita, benchi ya Nachisale idzandiitana ndi dzina.

Ndinafika m'mawa. Geti linali lotsegula, galimoto ili panja, masutikesi padenga, amuna awo a alamu akumanga zingwe. Wezi atavala chipewa. Ndinapereka ufa, ndinafotokozanso za supuni yoyamba kuti akawauze agogo ake. Mawu ankatuluka bwino, ndinadabwa.

Alamu anati, "Katundu wanu ali kuti?"

Sindinamvetse. Ndinati, "Wanga?"

"Wezi akupita ku Rumphi. Ndinanena, ndipo sindisintha. Agogo ake amuone, aonenso manda a bambo ake. Koma ulendo wonsewu adye supuni yoyamba ndani, ine? Kwerani. Chitenje ndikubwerekani." Anakonza chipewa cha mwana chimene chinali chokonzeka kale. "Chaka chatsopano chikalowa tibwerera tonse. Mwana ndi wa kwa Gondwe, zimenezo musadzaiwale. Koma azigona kwa mayi ake. Ndipo ine ndizibwera osanena tsiku."

Ndinagwira chitseko cha galimoto kuti ndikwere, koma Wezi anali atakhala kale pampando, ndipo anatambasula dzanja kunditsekereza. Nkhope ili gwa, ngati ya azakhali ake. Anati, "Amayi, pumani."

Mwana wa zaka zitatu. Masabata onse aja ankaonerera pakhonde.

Ndinawerama, ndinamupumira kumaso. Anakwinya kamphuno, ananunkhiza, ananunkhizanso.

Anati, "Lowani."

Zoti osalira zija ndinalephera. Mzere umenewo wokha unapindika, ndipo sindinaukonze.

Tsopano inu amene mwabwera ndi ndimu. Sindikuuzani kuti mulumbire, malumbiro ndinali nawo odzaza dengu. Sindikuuzaninso kuti mantha amatha. Ine mpaka lero ndimadzuka nawo, alamu amabweradi osanena tsiku, ndipo kwa Nachisale sindidutsako ngakhale mvula ikugwa njira ya kumzikiti itadzaza matope. Chimene ndikukupemphani n'chaching'ono. Mukafika kunyumba lero, dzuwa lisanalowe, mutenge khala. Mufunse kuti chimene chikukuwawani kwambiri n'chiyani, ndipo chatsala ndi masabata angati. Ngati palibe amene wakuikirani tsiku, dziikireni nokha, lapafupi, loti mutha kuliwerenga pa zala. Kenaka mulembe za mawa zokha, ndi nthawi yake. Ngati simudziwa kulemba, jambulani ndowa, jambulani geti, mudzazindikira nokha. Ndipo tsiku limene mukuti ndi lopuma, limenelo ndi limene muyambe kulidzaza.

Chingwe chija ndi ichi, ndimamanga pa ngodya ya chitenje. Mfundo zimene mukuonazi ndi zatsopano, zinayi, za yunifolomu ya Wezi, akuyamba sukulu. Nyumba ya Che Yusufu ija inatha, ndi yaitalidi, ndimaiona ndikamapita kuntchito, ndipo iwo ali kale pa khoma lina lofika m'mawondo.

Dzulo madzulo ndinalemba pakhoma kuti: kuima pamaso pa amayi, kunena zonse, ndi za bulangete zomwe, osathawa. Ndafika pachingwe. Mundilole ndituluke, mwana uja wazungulira kuseri ndipo sindikumuona.